Bodi iti idzalandira purosesa yanu ya m'tsogolo? Kuyerekeza AM4, AM5, LGA1700, LGA1851 ndi makompyuta a kaunjika kwa ogula a ku Mzuzu

Ambiri amene amamanga kompyuta ya patebulo muno mu Mzuzu sagula zonse tsiku limodzi. Ndalama imakwanira purosesa yaing'ono, RAM imodzi ndi SSD, ndipo mwiniwake amadziuza kuti zinthu zikadzayenda bwino adzachotsa purosesayo n'kuikapo yamphamvu. Maganizo amenewa ndi abwino, koma kuti adzatheke zimadalira motherboard, imene amisiri amangoitchula kuti bodi. Bodi ndi imene imalamula mapurosesa amene mudzathe kuikapo, mtundu wa RAM, ngakhalenso fani yoziziritsa. Kusintha purosesa ndi ntchito ya theka la ola. Kusintha bodi ndi kuphwasula kompyuta yonse, kawirikawiri kugulanso RAM, ndi kulimbana ndi laisensi ya Windows imene imamangirizidwa ku bodiyo.

Kuno kulakwitsa kumawawa kwambiri chifukwa cha mtunda. Mabodi atsopano ndi mapurosesa akuluakulu sapezeka m'mashopu a m'tauni nthawi zonse. Amachita kuitanitsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ena amabwera kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, ena ku Johannesburg, Dubai kapena China. Purosesa ikafika n'kukana kuyaka pa bodi yanu, kuibweza n'kovuta, ndipo ndalama ya mayendedwe ndi msonkho sibwereranso. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe amene angakwanitse kugula chipangizo chimodzi kawiri.

Soketi kufanana sikokwanira

Soketi ndi malo amene purosesa imakhalapo. Aliyense amayamba kuyang'ana pamenepa, ndipo n'koyenera: purosesa ya AM4 singalowe pa AM5, ya Intel singalowe pa bodi ya AMD. Koma anthu ambiri amataya ndalama pa mapurosesa amene alowa bwinobwino m'soketi, chitseko chatsekeka, koma sikirini ili bii.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi LGA1151 ya Intel. Mapurosesa a m'badwo wa 6 ndi 7, ngati i5-6500 ndi i7-7700, ali ndi soketi ya dzina lomwelo ndi a m'badwo wa 8 ndi 9, ngati i5-8500 ndi i5-9400. Koma oyambawo amafuna chipset (chipu chachikulu cha pa bodi) ya gulu la 100 kapena 200, monga H110 ndi B250, pamene enawo amafuna gulu la 300, monga H310, B360, B365 kapena Z390. Mukasakaniza, kompyuta siyaka. Pa LGA1200 napo pali msampha wofanana: mabodi a H410 ndi B460 amalandira m'badwo wa 10 koma amakana wa 11, pamene H470 ndi Z490 amaulandira BIOS ikasinthidwa. Choncho wogulitsa akanena kuti "soketi ndi yomweyo, ilowa," funsani dzina la chipset.

Chipset ikavomera, patsala BIOS, kapulogalamu kamene kali mu bodi kamene kamadzutsa purosesa. Bodi imene inapangidwa purosesa yanu isanatuluke siidziwa mpaka mutaipatsa BIOS yatsopano. Ndipo BIOS ikavomera, patsalabe mphamvu: pafupi ndi soketi pali tizipangizo totchedwa VRM timene timasandutsa 12V ya power supply kukhala mphamvu yochepera 1.5V imene purosesa imadya. Bodi yotsika mtengo ili ndi VRM yochepa, nthawi zambiri yopanda chitsulo choziziritsa pamwamba pake. Purosesa yaikulu idzayaka ndithu, koma ikangopatsidwa ntchito yolemetsa VRM imatentha ndipo bodi imachepetsa liwiro kuti isapse. Zili ngati kusenzetsa sakaramento matumba atatu a chimanga pa chitunda: afika, koma mochita kukankha.

Zonsezi mungazidziwe musanatulutse ndalama. Pa Windows, lembani msinfo32 pamalo ofufuzira, muone mizere ya BaseBoard Manufacturer, BaseBoard Product ndi BIOS Version. Pulogalamu yaulere ya CPU-Z imaonetsanso zomwezo pansi pa Mainboard. Kenako pitani pa tsamba la kampani imene inapanga bodiyo, kaya ASUS, MSI, Gigabyte kapena ASRock, mutsegule CPU Support List. Pamenepo pali purosesa iliyonse yovomerezeka ndi nambala ya BIOS imene imafunika. Pa mabodi a Gigabyte onaninso nambala ya rev yolembedwa pakona ya m'munsi kumanzere kwa bodi, chifukwa rev 1.0 ndi rev 2.0 za dzina limodzi zimatha kukhala ndi BIOS zosiyana.

Makompyuta a m'maofesi ogwiritsidwa kale ntchito

Njira imene anthu ambiri amayambira, kaya ophunzira a ku Mzuni, eni malo osindikizira mapepala kapena masukulu, ndi Dell OptiPlex, HP ProDesk ndi EliteDesk, kapena Lenovo ThinkCentre za kaunjika. Ndi makina olimba, ndipo pa ntchito ya Word, Excel ndi intaneti palibe chowadandaula. Koma ngati cholinga chanu ndi kudzakweza purosesa, dziwani kuti denga lake lili pafupi.

Makampani amenewa amalemba BIOS ya m'badwo umene anagulitsa nawo makinawo, basi. OptiPlex 790 ndi 990 zimathera pa m'badwo wa 2 ngakhale soketi yake ya LGA1155 ndi yomweyo ya m'badwo wa 3. OptiPlex 3020, 7020 ndi 9020 ndi za m'badwo wa 4. Ya 7040 ndi ya m'badwo wa 6, ya 7050 imafika wa 7, ya 7060 ndi ya wa 8. Ku HP, EliteDesk 800 G1 ndi ya m'badwo wa 4, G2 wa 6, G3 imafika wa 7, G4 wa 8. Kukweza kwenikweni kumene kulipo ndi kuchoka pa i3 kupita pa i5 kapena i7 ya m'badwo womwewo. Samalaninso ndi RAM: OptiPlex 3040 ndi 5040 zimagwiritsa ntchito DDR3L pamene 7040 imafuna DDR4, ngakhale zonse ndi za chaka chimodzi.

Pali malire ena awiri. Power supply ya makinawa ndi yaing'ono, kawirikawiri pakati pa 180W ndi 290W, ndipo kuyambira pa 9020 Dell inasiya pulagi ya mapini 24 imene makompyuta wamba amagwiritsa ntchito n'kuika yakeyake. Simungangogula power supply wamba n'kulumikiza popanda adaputa yoyenerera mtundu womwewo. Bodi nayonso nthawi zambiri silowa m'kesi wamba mosavuta chifukwa mawaya a batani loyatsira ndi a fani ndi achilendo. Ndipo timakompyuta tating'ono kwambiri tija, Micro, Mini kapena Tiny, tambiri tinapangidwira mapurosesa okhala ndi T kumapeto, a 35W, ngati i5-8500T.

Ngati mwasankha njira iyi, musagule yochepera m'badwo wa 8, umene ogulitsa amautchula kuti 8th gen. Microsoft inasiya kuthandizira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8. Komanso i5-8500 ili ndi ma core (tizigawo togwira ntchito m'kati mwa purosesa) 6 pamene i7-7700 ili ndi 4 okha. OptiPlex 7060 kapena EliteDesk 800 G4 ya i3-8100 ingathe kudzalandira i5-8500 kapena i7-8700, ndipo pamenepo ulendo watha.

Pa masamba ogulitsa a ku China mudzaonanso mabodi otchedwa X79 ndi X99 ogulitsidwa pamodzi ndi Xeon E5 ndi RAM pa mtengo wokopa. Mapurosesawo ndi a maseva akale, alibe mbali yotulutsa chithunzi, sali pa mndandanda wa Windows 11, ndipo amadya magetsi ambiri. Si maziko omangapo tsogolo.

AM4: yakale, koma njira yake ndi yaitali

AMD inatulutsa soketi ya AM4 mu 2016, mapurosesa a Ryzen oyamba anabwera mu 2017, ndipo soketi yomweyo inanyamula Ryzen 1000, 2000, 3000, 4000 ndi 5000. Kamangidwe katsopano ka purosesa sikabweranso pa AM4. Koma kwa munthu wa ku Mzuzu funso si lakuti AMD idzatulutsa chiyani; funso ndi lakuti pakati pa purosesa imene mungakwanitse lero ndi yaikulu kwambiri imene bodi ingalandire pali masitepe angati, ndipo adzapezeka pa mtengo wanji. Pa AM4 masitepewo ndi ambiri: Ryzen 3 ya ma core 4, Ryzen 5 5600 ya 6, Ryzen 7 5700X ya 8, Ryzen 9 5900X ya 12, mpaka 5950X ya 16. Kwa osewera magemu pali 5800X3D ya mu 2022 ndi 5700X3D ya mu 2024. Mapurosesa amenewa anagulitsidwa ochuluka padziko lonse, ndiye pamsika wa zogwiritsidwa kale ntchito adzakhala akupezekabe. RAM yake ndi DDR4, imene ambiri ali nayo kale kapena angaipeze mosavuta kusiyana ndi DDR5.

Kusankha chipset ndi kumene kumafuna maso. A320, B350 ndi X370 ndi za mu 2017. Poyamba AMD inakana kuti zilandire Ryzen 5000, kenako mu 2022 inalola kudzera mu BIOS yokhala ndi AGESA (kapulogalamu ka AMD ka m'kati mwa BIOS) 1.2.0.7. Koma si kampani iliyonse inatulutsa BIOS imeneyo pa bodi iliyonse, ndiye onani mndandanda wa bodi yanu yeniyeniyo. Vuto lina ndi lakuti mabodi ambiri akale ali ndi kachipu ka BIOS ka 16MB, kosakwanira mapurosesa onse. Kuti a Ryzen 5000 alowe, opanga anachotsa akale, makamaka a A-series ndi Athlon X4, ndipo pa mabodi ena anachotsanso Ryzen ena oyambirira. Tanthauzo lake n'lakuti mungathe kusintha BIOS ndi purosesa yanu yakale, kompyuta n'kuzima, n'kukana kuyakanso ndi purosesa yomweyo. Musaike BIOS yotere purosesa yatsopano isanafike m'manja mwanu. Mabodi a MSI okhala ndi dzina loti MAX, ngati B450 Tomahawk MAX, ali ndi kachipu ka 32MB ndipo vutoli silikhudza kwenikweni.

B450 ya mu 2018 ndi imene imalandira mibadwo yambiri: mungayambe ndi Ryzen 3 3200G yotchipa n'kudzafika pa 5700X. Malire ake ndi PCIe 3.0 (PCIe ndi mizere yolumikiza khadi la zithunzi ndi SSD ku purosesa), zomwe pa SSD ya tsiku ndi tsiku simungazione, koma makadi ena a zithunzi otsika mtengo, ngati RX 6500 XT imene ili ndi mizere 4 yokha, amafooka pa PCIe 3.0.

B550 ya mu 2020 ndi bodi yabwino koposa pa AM4 kwa wogula lero. Ili ndi PCIe 4.0 pa khadi la zithunzi ndi pa M.2 (malo oikapo SSD) yoyamba, ndipo VRM yake nthawi zambiri ndi yolimba kuposa ya B450 ya mtengo wofanana. Koma msampha wake ndi uwu: Ryzen 1000, 2000, ndiponso 3200G ndi 3400G sizili pa mndandanda wovomerezeka wa mabodi ambiri a B550 ndi A520, mwakuti ena analemba chenjezoli pa katoni. Amene akufuna kuyamba wopanda khadi la zithunzi pa B550 ayambe ndi 4600G kapena 5600G. Kumbukiraninso kuti mapurosesa a G amenewa, ndi Ryzen 5 5500, amayendera PCIe 3.0 ngakhale pa B550, PCIe 4.0 idzadzuka mukadzaika 5600 kapena 5700X.

Apa pali chinthu chimene chimagwetsa anthu ambiri pa tsiku lokweza. Pa AM4, Ryzen yopanda G kumapeto ilibe mbali yotulutsa chithunzi. Ngati lero waya wa monita uli pa HDMI ya bodi chifukwa muli ndi 5600G, mukadzaika 5700X dzenje limenelo lidzafa, ndipo mudzafunika khadi la zithunzi tsiku lomwelo. Ikani mtengo wa khadilo mu bajeti ya kukweza, apo ayi cholinga chanu chikhale 5700G ya ma core 8.

A520 imagwira ntchito ndi 5600 kapena 5700X, amene ndi a 65W ndipo amakoka mpaka 76W. Koma 5900X ndi 5950X ndi a 105W ndipo amafika 142W; amenewa amafuna B550 kapena X570 yokhala ndi zitsulo zoziziritsa pa VRM.

LGA1700: yabwino ngati mukuyambira pansi

Intel inabweretsa LGA1700 kumapeto kwa 2021 ndi m'badwo wa 12, wa 13 unabwera mu 2022, wa 14 mu 2023, ndipo pamenepo soketiyi inathera. Monga AM4, ndi njira yodziwika mathero ake. Kusiyana kwake n'kwakuti mabodi ake alipo a DDR4 ndi a DDR5. Bodi imodzi imalandira mtundu umodzi, ndipo dzina lake limanena: yolembedwa D4 kapena DDR4 kumapeto ndi ya DDR4. Mitundu yonse iwiri ili ndi mapini 288, koma kampata ka pakati kali pamalo osiyana, ndiye musakakamize.

Amene ali ndi DDR4 kale angapindule kwambiri ndi B660 kapena B760 ya DDR4 ndi i3-12100, n'kudzakwera pa i5-12400 ya ma core 6, i5-13400 ya 10, kapena i5-13600K ya 14. Mabodi a gulu la 600 amafuna BIOS yatsopano kuti alandire m'badwo wa 13 ndi 14, ndipo a gulu la 700 amene anakhalitsa m'sitolo amafunanso BIOS pa m'badwo wa 14. Pa Intel chilembo choopsa ndi F: 12400F ilibe mbali yotulutsa chithunzi, 12400 ili nayo.

Pa soketi iyi nkhani ya VRM ndi yaikulu kuposa kwina kulikonse. Pa katoni ya i5-12400 pamalembedwa 65W koma imafika 117W. i5-13600K imafika 181W, ndipo i7-13700K ndi i9-13900K zimafika 253W. Bodi ya H610, imene ndi yotchipa kwambiri ndipo ndi imene imabwera m'makompyuta ambiri omangidwa kale ndi ogulitsa, imalemba mapurosesa onsewa pa mndandanda wake, koma inapangidwira i3 ndi i5 yaing'ono. Ili ndi malo awiri okha a RAM. Ngati mumtima muli i7, H610 si bodi yanu.

Mapurosesa a m'badwo wa 13 ndi 14, makamaka i7 ndi i9, anali ndi vuto lodziwika la kukoka voteji yochuluka mpaka kuwonongeka pang'onopang'ono: mapulogalamu kuzitsekera okha, sikirini ya buluu. Intel inavomereza vutoli mu 2024, inatulutsa microcode (malangizo a purosesa obwera kudzera mu BIOS) 0x129 mu Ogasiti ndi 0x12B mu Seputembala, n'kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. BIOS yokhala ndi microcode imeneyi imateteza purosesa yabwino koma sichiritsa yowonongeka kale. Kwa munthu amene akuyembekezera kudzagula i7-13700K ya kaunjika, popanda risiti ndiponso kutali ndi kumene angaibweze, ngoziyi ndi yeniyeni. M'badwo wa 12 sunakhudzidwe. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene AM4 imaposera LGA1700 kwa amene kukweza kwake kudzadalira msika wa zakale.

Fani yakale ya LGA1151 kapena LGA1200 silowa pa LGA1700 popanda zomangira zatsopano: mabowo ake atalikirana 78mm pamene akale anali 75mm.

AM5: yokhayo imene ili ndi lonjezo

AM5 inatuluka mu Seputembala 2022 ndi Ryzen 7000, kenako 8000G kumayambiriro kwa 2024 ndi Ryzen 9000 mu Ogasiti 2024, onse pa soketi imodzi. Mu 2024 AMD inalengeza kuti ipitiriza kuthandizira AM5 mpaka 2027 ndi kupitirira. Pa njira zonse zimene zili pano, iyi yokha ndi imene mungayembekezere purosesa imene sinatuluke.

Mtengo wolowera ndi umene umalemetsa. AM5 imalandira DDR5 yokha, ndiye RAM yanu yakale ilibe malo, ndipo mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse kumapeto kwa 2025. Bodi nayo ndi yodula kuposa ya AM4. Tsogolo limeneli mumalilipira lero, ndipo limakhala laphindu pokhapokha ngati mudzagulitsadi purosesa yoyamba n'kugula ina. Wojambula mapulani a nyumba, wokonza mavidiyo a maukwati ndi makwaya, kapena wolemba mapulogalamu amene kompyuta ndi imene imamudyetsa, ndalamayo idzabwerera. Wa ofesi imene ntchito yake ndi makalata ndi malipoti akulipira chinthu chimene sadzachigwiritsa ntchito.

B650 ndi B850 ndi mabodi oyenera anthu ambiri. X670 ndi X870 amawonjezera madoko ndi malo a SSD, koma sawonjezera mapurosesa amene mungaike. A620 imalandira mapurosesa omwewo pa pepala, koma mabodi ake otchipa anapangidwira a 65W, pamene Ryzen 9 7950X ndi 9950X ndi a 170W ndipo amafika 200W kapena kuposa. Chenjerani ndi B840: dzina likumveka ngati mng'ono wa B850, koma mphamvu zake zili pafupi ndi A620.

Ubwino wina ndi wakuti Ryzen 7000 ndi 9000 ali ndi kambali kakang'ono kotulutsa chithunzi, kupatula okhala ndi F ngati 7500F, ndiye mungayambe wopanda khadi. A 8000G ali ndi mbali ya zithunzi yamphamvu, koma mizere yawo ya PCIe ndi yochepa. 8500G imapereka 4 yokha ku khadi la zithunzi, ndipo pa mabodi ena malo a M.2 achiwiri sagwira nayo ntchito. Buku la bodi limanena zimenezi.

Pa RAM, gulani ziwiri zazikulu osati kuyembekezera kudzadzaza malo onse anayi. Ziwiri za DDR5-6000 zimayenda bwino ndi EXPO (chosankha cha mu BIOS chokweza liwiro la RAM), koma zikakhala zinayi liwiro lovomerezeka limatsika mpaka DDR5-3600. Ndipo mukayatsa koyamba, bodi imatha kukhala mphindi zingapo sikirini ili yakuda pamene ikuyesa RAM. Musaizimitse poganiza kuti yafa. Mafani ambiri a AM4 amene amakoleka pa timapulasitiki ta bodi amalowanso pa AM5. Amene amafuna kuchotsa chitsulo cha kuseri kwa bodi salowa.

LGA1851

Iyi ndi soketi ya Intel ya Core Ultra 200S, yotuluka mu Okutobala 2024, ndi chipset za Z890, B860 ndi H810. Ndi ya DDR5 yokha, ndipo mapurosesa a LGA1700 salowapo ngakhale fani yake imalowa. Intel sinapereke lonjezo la zaka pa soketiyi ngati mmene AMD inachitira, ndipo mbiri yake ya posachedwapa ndi ya mibadwo iwiri pa bodi imodzi, kupatula LGA1700 imene inafika itatu. Igulenitu ndi purosesa imene mukufuna kukhala nayo mpaka kalekale. Ngati cholinga ndi kudzakweza, ndalama yomweyo ikagwira bwino pa AM5.

Batani limodzi loyenera kulipirira

Pa mabodi awiri a mtengo woyandikana, sankhani imene ili ndi batani losinthira BIOS popanda purosesa. ASUS ndi ASRock amalitchula BIOS Flashback, MSI Flash BIOS Button, Gigabyte Q-Flash Plus. Ku Lilongwe kapena ku Johannesburg munthu angathe kubwereka purosesa yakale kwa mnzake kuti asinthire BIOS. Ku Chibavi kapena ku Katoto kupeza wina amene ali ndi Ryzen ya m'badwo woyenerera n'kovuta. Ndi bataniri mumangofuna bodi, power supply yolumikizidwa pa mapini 24 ndi mapini 8, ndi flash yaing'ono ya FAT32. Fayilo iyenera kusinthidwa dzina: MSI.ROM pa MSI, GIGABYTE.bin pa Gigabyte, creative.rom pa ASRock, ndipo ASUS imapereka kapulogalamu ka BIOSRenamer m'fayilo yomweyo. Ikani flash pa doko lolembedwa BIOS, dinani batani, mudikire mpaka getsi litasiya kuphethira. Zimatenga mphindi zisanu mpaka khumi.

M'mphindi zimenezo magetsi asathime. Akathima BIOS ili pakati polembedwa, bodi yopanda bataniri imafa mpaka itapezeka ndi mmisiri wokhala ndi kachipangizo kolembera chipu mwachindunji. Yokhala ndi batani kawirikawiri imatheka kuyambiranso. Ntchitoyi ichitikire pa UPS yodzaza bwino kapena pa inveta ya sola. UPS ya 650VA ndi yokwanira chifukwa pa nthawiyo kompyuta ikudya zochepa. Musaichite mvula ya ziphaliwali ikugwa. Werenganinso mawu olembedwa pansi pa BIOS iliyonse pa tsamba la kampani: mabodi ena akale a AM4 amafuna kuti muike kaye BIOS yapakati musanafike pa yomaliza.

Power supply nayo igulidwe poganizira purosesa ya m'tsogolo. Ya 550W ya kampani yodziwika imakwanira Ryzen 5 kapena i5 ndi khadi lapakati. Ryzen 9 kapena i7 ndi khadi lalikulu zimafuna 750W kapena kuposa. Zija zobwera ndi kesi yotchipa, zopepuka m'manja koma zolembedwa 500W, sizipereka mphamvu imeneyo pa 12V, ndipo zikafa zimatha kutenga bodi.

Bodi ya kaunjika iyang'aneni ndi tochi ya foni musanalipire. Pa LGA1700, LGA1851 ndi AM5 mapini ali m'soketi. Pini imodzi yopindika imaoneka ngati kadontho kowala mosiyana ndi anzake, ndipo ingathe kupha malo amodzi a RAM kapena bodi yonse. Onani ngati pulagi ya mapini 8 yasintha mtundu ndi kutentha, ndi ngati pali dzimbiri pa madoko a kumbuyo, chifukwa chinyezi cha nyengo ya mvula kuno chimadya bodi yosungidwa m'katoni pansi. Uzani wogulitsa aiyatse pamaso panu, RAM aiyese m'malo alionse.

Tsiku losintha purosesa

Yambani ndi BIOS purosesa yakale ikadali pomwepo. Kenako onani ngati diski yanu ili ndi BitLocker kapena Device Encryption, njira za Windows zokiyira mafayilo. Pa mabodi ambiri TPM (chosungira makiyi a chitetezo) imene Windows 11 imadalira ndi ya fTPM pa AMD kapena PTT pa Intel, ndipo kusintha purosesa kapena BIOS kungathe kufufuta makiyi ake. Imitsani BitLocker kaye, mulembe kiyi yake ya manambala 48 papepala. Popanda kiyi imeneyo mafayilo anu satsegukanso. PIN yolowera mu Windows nayo ingafunike kuikidwanso, ndiye pasiwedi ya akaunti ikhale pafupi.

Yatsani kompyuta igwire ntchito mphindi khumi kuti phala loziziritsa la pakati pa purosesa ndi fani lifewe, izimitseni, zulani pulagi kukhoma, mugwire chitsulo cha kesi kuti magetsi a m'thupi achoke. Pa AM4 musakoke fani molunjika m'mwamba: phala louma limamatira moti purosesa imazuka m'soketi chitseko chili chotseka, mapini n'kupindika. Ipotozeni pang'ono kumanja ndi kumanzere mpaka itamasuka. Purosesa yatsopano ilunjikitseni ndi kachizindikiro ka makona atatu pakona ya soketi, ikhale yokha popanda kukanikiza. Pukutani phala lakale ndi isopropyl, ikani latsopano lalikulu ngati njere ya nandolo pakati, mumange zomangira za fani mopingasa, pang'onopang'ono. Fani imene inabwera ndi purosesa ya 65W sikwanira ya 105W kapena kuposa, makamaka mu Okutobala kukatentha ndi fumbi litadzaza m'zipsepse.

Ikakana kuonetsa chithunzi, onani kaye kumene waya wa monita walumikizidwa, pa bodi kapena pa khadi. Kenako zulani magetsi, chotsani batire ya CR2032 kwa mphindi zisanu kuti BIOS ibwerere pachiyambi, muyatse ndi RAM imodzi yokha pa malo achiwiri kuchokera ku purosesa. Ikayaka, lowani mu BIOS muyatsenso XMP kapena EXPO, chifukwa popanda kutero DDR4-3200 yanu idzayenda pa 2133 kapena 2400.